Tsiku Limene Agogo Anu Anati Takhuta

Inu ana, tayikani kaye mafoniwo pansi, sathawa. Iwe Tadala, ndakumva ukudandaulira amayi ako kuti aphunzitsi alibe chisoni, akukutumizani kukasesa kuchipatala Loweruka pamene mayeso a Fomu 4 ali pakhomo. Sindikukutsutsa ayi. Ngakhale ine amene ndinalekezera Sitandade 6 ndimadziwa mmene mayeso amasowetsera mtendere. Koma sendera kuno, pali nkhani ya mtsikana wina wa msinkhu wako imene sindinakuuzeni bwinobwino. Pamene zinkachitika inu munali mukukhala ku Mzuzu. Munangobwera pamaliro a agogo anu aamuna, ndipo pamaliro munthu safotokoza nkhani, amangolira ndi kulandira alendo.

Agogo anuwo, a Zuze, inu munawadziwa ali ndi imvi. Ine ndinawadziwa ali mnyamata wa kunjanji ku Limbe, wa njinga yakuda ya belu laphokoso ndi nyali ija ya magalasi awiri, lofiira ndi lobiriwira, yoimitsira sitima. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito yolongedza tiyi m'mapaketi, ndipo ndikaweruka ndinkawapeza ataima pangodya ya msewu akunamizira kukonza tcheni chosawonongeka. Tcheni chimenecho chinavuta miyezi yambiri, mpaka tinakwatirana, kenako chinachira chokha.

Iwo anali Msena. Bambo awo anachokera ku Mozambiki, kuthawa chibalo, ntchito yokakamiza imene Apwitikizi ankagwiritsa anthu popanda malipiro. Makolo anga nawonso anachokera komweko, koma ife ndife Alomwe, tinalowera ku Thyolo, kumene tinapezanso thangata akutidikira m'minda ya azungu. Masiku amenewo mutauni muno munthu akayankhula Chisena anzake ankamuseka, ndiye agogo anu anachipinda n'kuchiika pansi pa sutikesi. M'nyumba tinkayankhula Chinyanja, chimene inu mumati Chichewa. Chisena ndinachimvako pang'ono kwa apongozi anga, mayi awo, amene anakhala nafe kuno ku Chimwankhunda zaka zawo zomaliza ndipo sanalole kuchisiya ngakhale tsiku limodzi.

Ndikukuuzani za chibalo ndi thangata kuti mumvetse mutu wanga. Kwa ife, ntchito yopanda malipiro inali ndi munthu wa chikoti kumbuyo kwake. Ngakhale pa utsikana wanga, kunali sabata ina pachaka imene achinyamata tonse tinkaumba njerwa ndi kulambula misewu. Tinkaimba ndithu, ndipo zina tinamanga zilipobe, koma panalibe wokufunsa ngati ukufuna. Wosapita ankadziwa yekha chimene chimutsatire.

Tsono agogo anu anadwala sitiroko. Unali mmawa, akumanga zingwe za nsapato kuti tipite kutchalitchi, ndinangomva phi pansi. Titabwerako kuchipatala mbali yonse yakumanja inali itafa, pakamwa patapotoka. Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi mawu. Chinyanja chinachoka, Chingerezi cha kunjanji chija chinachoka, chimene chinatsala ndi Chisena cha mayi awo. Adokotala anati zimachitika. Ine mpaka lero ndimadzifunsa kuti chinkakhala pati zaka zonsezo, munthu ndikugona naye chipinda chimodzi osachimva ngakhale m'tulo. Ankayankhula mawu amodziamodzi, movutikira, ine n'kumatola apa ndi apo.

Vuto lalikulu linali kudya. Munthu amene ankaimitsa sitima ndi dzanja limodzi sankafuna kudyetsedwa ngati khanda. Ndikabwera ndi phala ankalandira pang'ono, kenako n'kutseka pakamwa, kuyang'ana kukhoma. Ndikawagwiritsa supuni kudzanja lamanzere, lomwe linali lamoyo, ankangoitaya. Ndinanyengerera, ndinakalipa, ndinawopseza kuti ndiitana abusa, koma ayi ndithu.

Loweruka lina ndinamva odi pakhomo. Ndinapeza ana asukulu, anyamata ndi atsikana, atanyamula matsache ndi zidebe. Anati ndi a kalabu ina ya kusekondale yapafupi, yothandiza okalamba ndi odwala, ndipo mkulu wa mpingo wathu ndi amene anauza aphunzitsi awo za ife. Ndinawalandira, koma maso anga anali kumbuyo kwawo, kufunafuna wa chikoti. Nditaona kuti palibe ndinayamba kuwafunsa mmodzimmodzi. Akukulipirani ndani? Mukapanda kubwera akuchitani chiyani? Anangoseka. Wina anati amafuna kasatifiketi kamene amapatsidwa pomaliza, wina anati akuthawa kuchapa kwawo, ngakhale kuti kuno ankachapanso mabulangete olemera kuposa akwawo. Ena ankakonda kujambulana atagwira tsache, tsachelo osakhudza pansi. Musaseke, ndikudziwa kuti ena a inu mungakhale m'gulu lomwelo. Komabe madzi ankatunga mipope ikauma, pabwalo pankayera, ndipo nyumba imene inali itazizira inkamvekamo phokoso.

Pakati pawo panali Asiyatu, mtsikana wa Fomu 4, wamfupi, wa mpango kumutu monga amavalira Asilamu. Kwawo kunali ku Chitawira, bambo ake a Yusufu anali dalaivala wa minibasi. Iyeyu nditamufunsa chimene amabwerera anaganiza kaye, kenako anati sakudziwa bwinobwino. Yankho limenelo linandisangalatsa kuposa onse aja.

Anandiona tsiku lina ndikulimbana ndi agogo anu ndipo anapempha kuti ayeseko, poti anadwazikapo agogo ake aakazi. Ndinamupatsa mbale ndikuseka mumtima. Iye anakhala pakampando, mbale pambali, buku la Jogalafe pabondo. Sanawanyengerere ayi. Anangoyamba kuloweza mokweza za mitsinje, kumene imachokera ndi kumene imathira, supuni ili m'mwamba ngati waiwala kuti waigwira. Atatchula Shire agogo anu anatembenuka. Atatchula Zambezi anatsegula pakamwa kuti anenepo kanthu, poti mtsinje umenewo anauwoloka pa sitima kambirimbiri, ndipo phala linalowa. Mbale inatha asanafike kunyanja.

Ndisakunamizeni, ndinachita nsanje. Ine wophika phalalo, wokhala nawo zaka zonsezi, kundiposa kamwana koloweza mitsinje. Ndinayesa nanenso kutchula Shire ndi Zambezi, anangondiyang'ana ngati ndapenga.

Kuyambira pamenepo Asiyatu sankadikira Loweruka. Akaweruka kusukulu ankadutsira kuno masana, n'kudyetsa agogo anu akuwerenga. Ankati kuno amawerenga bwino kusiyana ndi kwawo, kumene kuli ana ambiri ndi wailesi yosazima. Ine ndinkakhala pakhomo ndikusoka, kumvetsera. Ndinaphunzira zambiri, ana inu. Ndinamva kuti m'magazi mwathu muli tizilombo toyera tomenya nkhondo, komanso kuti dziko likuzungulira ife tili chikhalire. Zinazo sindinazikhulupirire, koma ndinkafunsa, iye n'kumafotokoza, n'kumati kufotokozera ine kukumuthandiza kukumbukira. Ife kale tinkalemba pa sileti, ukafufuta ndiye kuti zapita, zotsala ndi zimene zalowa m'mutu. Mchimwene wanga amene anafika kusekondale ankawerenga pa koloboyi, mphuno zakuda ndi utsi, mapazi ataviika m'beseni la madzi ozizira kuti asasinze. Nditamuuza Asiyatu zimenezi anati zamadzizo ena amachitabe mpaka lero. Ndiye musamaganize kuti nzeru zonse zinabwera ndi mafoni.

Nyengo yozizira itayamba, chiperoni chikuphimba phiri la Soche, ndinaona kuti mwanayu wasintha. Ankaloweza chinthu chimodzi mobwerezabwereza, nthawi zina n'kuima pakati, maso ali gwa pakhoma. Zikhadabo anali atazidya zonse. Anali atalemba mayeso oyeserera, amene inu mumati moko, ndipo ndikamufunsa ankangoti zotsatira sizinatuluke.

Tsiku lina ndinapita mutauni kukatenga mankhwala a agogo anu. Ndinasiya phala pamoto wochepa, podziwa kuti Asiyatu abwera. Mzere unali wautali, ndinabwerako dzuwa litapendeka. Ndinapeza mbale ili pakampando, yodzaza, yovundikira bwino ndi mbale ina, supuni yoyera pambali. Asiyatu panalibe. Agogo anu anali atakhala tsonga, nkhope yowala, ngati munthu amene wagwira ntchito yaikulu n'kuimaliza.

Mawa lake mtsikanayo sanabwere, mkuja wakenso. Loweruka anzake anabwera n'kundiuza kuti wasiya kalabu, akuti watanganidwa ndi mayeso. Zinali zomveka, koma sizinandikhutiritse. Mwana amene ankatsanzika ngakhale popita kukataya madzi panja angachoke osatsanzika? Nanga mbale yodzaza ija? Ndinawafunsa agogo anu kuti chinachitika n'chiyani. Pa mawu onse amene anavutika kutulutsa ndinangotolapo kuti iwo anamuyankhula bwino mwanayo.

Ndiye anasiya kudya. Poyamba ankalandirako pang'ono, kenako madzi okha. Ikakwana nthawi yoweruka ana asukulu maso awo ankakhala pachitseko, ndipo dzuwa likalowa ankatembenukira kukhoma. Anzake a Asiyatu anayesa kuwadyetsa, wina mpaka anabwereka buku la Jogalafe, koma osaphula kanthu. Thupi linayamba kutha ndikuona. Pochapa malaya awo ndinkaona kuti akukula, pamene malayawo ndi omwe aja. Ndinachita mantha kuti mwamuna wanga afa ndi njala m'nyumba muli ufa.

Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Ndinapempha mayi wapafupi kuti andiyang'anire wodwala, ndinamanga chitenje, ulendo wakusukulu. Mlonda wa pageti anandilandira mwaulemu, koma anati a Fomu 4 anawapatsa masiku owerengera kunyumba chifukwa mayeso ayamba sabata yamawa. Nyumba yawo ku Chitawira sindinkaidziwa. Ndinaganiza kuti dalaivala wa minibasi sangasowe ku Limbe.

Kale, ana inu, tinkakwera mabasi akuluakulu a kondakitala wa yunifomu, wa kamakina kotulutsa matikiti kolendewera pakhosi, ndipo basi inkanyamuka nthawi ikakwana ngakhale muli anthu atatu. Lero ku Limbe ukangofika anyamata oitanira akugwira mkono uku ndi uku, wina watenga kale chikwama chako, usananene kumene ukupita. Nditawauza kuti ndikufuna a Yusufu a ku Chitawira anati a Yusufu alipo ambiri, ndisankhepo wamtali kapena wamfupi. Ndinakumbukira zimene Asiyatu anandiuzapo, kuti bambo ake anachotsa nyimbo m'minibasi mwawo kuti iye aziwerenga akamamutengako mmawa. Nditangonena zimenezo onse anaseka, n'kuloza minibasi yoyera imene ankaitcha laibulale.

A Yusufu anali bambo wathupi, wa kachipewa koyera ndi ndevu zoyamba kuchita imvi. Nditadzitchula anatsegula chitseko chakutsogolo n'kundikhazika pambali pawo, ndipo tinacheza galimoto ikuyenda kulowera ku Blantyre. Anafotokoza mosabisa. Moko sanamuyendere bwino Asiyatu, ndipo iwo atamva anamuuza kuti zoyendayenda m'makomo a anthu zithe kaye. Anati iwo sukulu sanapite nayo patali, amadzuka kusanache kuti mwana ameneyu asadzakhale wolandira zotsala za ena. Mtsikanayo anapempha kuti apite komaliza akafotokoze yekha. Ndilo tsiku lija ine ndinali pamzere wa mankhwala.

"Ndiye anawauza amuna anu kuti sazibwera kawirikawiri mpaka mayeso atatha," anatero a Yusufu. "Atawapatsa supuni, iwo anakana, n'kunena kuti takhuta, takhuta, uku akukupiza dzanja ngati akuingitsa nkhuku. Anabwera kunyumba akulira, akuti ndawakwana agogo aja, andithamangitsa."

Anawonjezera kuti iwo mumtima anakondwa, poganiza kuti tsopano awerenga. Koma kuyambira tsikulo mtsikanayo ankangokhala ndi buku patsogolo, tsamba lomwelomwelo, osalitembenuza.

Ndinaseka, ana inu. Ndinaseka mpaka okwera kumbuyo anasiya nkhani zawo, kenako kusekako kunasanduka misozi. Mawu amenewo ndinkawamva tsiku ndi tsiku kwa apongozi anga ndikawapatsa madzi osamba. Kwa ife takhuta ndi mawu a munthu amene wadya mokwanira, sakufunanso. Pa Chisena takhuta ndiye zikomo. Agogo anu, atamva kuti mwana akutsanzika, anakana supuni kuti pakamwa pakhale mpata wothokozera. Ndipo dzanja lija silinkaingitsa nkhuku. Munthu wakale sathokoza osaomba m'manja. Dzanja lamanzere linkafunafuna linzake kuti liombe, koma linzakelo linali gone pabulangete, ndiye linkangodutsa mumphepo.

Ndinawafotokozera a Yusufu zimenezi tikudutsa Chichiri. Kenako anapukusa mutu, n'kunena kuti kwawo ku Chiyao amati sikomo, ndipo agogo anu akanati sikomo mwanayo akanamva. Anati amuuza kuti mtima wake ukhale pansi, koma zobwera kuno zidikire mayeso athe. Sindinawaone ngati munthu wouma mtima. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo akanakhala wanga nanenso ndikanamutsekera m'nyumba ndi mabuku. Ndinachita manyazi kuti ine, nkhalamba, ndikufuna kusenzetsa mwana wa eni katundu wa m'nyumba mwanga sabata ya mayeso ake.

"Bambo, sindikukakamizani," ndinatero potsika. "Ndimangofuna adziwe kuti sanathamangitsidwe. Koma amene ndamusiya kunyumba uja, sindikudziwa ngati afika tsiku lomaliza mayeso."

Nditafika kuno ndinakhala pabedi n'kuwafotokozera agogo anu zonse, mwa Chinyanja, n'kuikamo Chisena changa chothyokathyoka. Ndinawauza za moko, za bambo ake, za tsamba losatembenuzidwa. Ankangoyang'ana kudenga. Sindinadziwe ngati akumva.

Lachisanu masana, anthu atatuluka kumzikiti, ndinamva hutala panja. Minibasi yoyera inali itaima mu kanjira kathu kamiyala aka, kamene ngakhale a njinga zamoto amakakana. A Yusufu anatsala pachiwongolero, anati ali ndi kanthawi kochepa. Asiyatu anatsika wopanda buku, n'kuima pakhomo la chipinda ngati mlendo. Agogo anu atamuona nkhope yonse inagwedezeka, mbali yamoyo ndi yakufa yomwe. Mtsikanayo anagwada, anapereka moni, n'kutenga mbale imene ndinali nditabweretsa.

Agogo anu analandira supuni yoyamba, analandiranso yachiwiri. Mtima wanga unayamba kukhala pansi, koma ndinkadziwa kuti mawa ndi mkuja tibwerera pomwe paja. Asiyatu akutunga kachitatu, agogo anu anatambasula dzanja lamanzere n'kumugwira pamkono. Anatsetsereka nalo mpaka pa zala, n'kumulanda supuni. Anaikweza okha. Phala lina linatayikira pabulangete, lina pachibwano, koma lotsalalo linafika pakamwa. Anatunganso okha. Kenako anamuyang'ana mtsikanayo, n'kulimbana ndi lilime lawo kanthawi, mitsempha ya pakhosi ili tolotolo, ndipo mawu anatuluka m'Chinyanja chomveka bwino.

"Pita ukawerenge."

Asiyatu anatembenukira kwa ine, maso ali ndi funso, kuopa kuti mwina awanso ali ndi tanthauzo lina kwawo kwa agogo. Ndinamuuza kuti ulendo uno wamva bwino, akumuthamangitsadi. Anaseka misozi ikutsika, anadzuka, n'kupukuta chibwano chawo ndi nsonga ya mpango wake, ndipo anatuluka hutala ikulira kachiwiri.

Ndikuona Tadala ukufuna kufunsa ngati anakhoza. Anakhoza, osati mogwedeza dziko, koma mokwanira kuti apitirize, ndipo bambo ake anabwezera nyimbo m'minibasi. Zotsatirazo agogo anu sanazimve. Kuyambira Lachisanu limenelo ankadya okha, akudzithira phala pachifuwa, osalola aliyense kugwira supuni, mpaka nyengo yotentha itafika pamene anatisiya. Chinyanja sichinabwerenso. Ndinakhala nawo moyo wanga wonse, anandiuza zambiri, zokoma ndi zowawa, koma mawu omaliza a chinenero changa amene ndinawamva pakamwa pa mwamuna wanga anali othamangitsa mwana wa eni kuti akawerenge.